Wakuba Wopukuta M'makona

Foni inalira Mayi Mazenera ali m'kati mogwirizana ndi mwini sitolo ya nsapato za tsiku loti azidzamutsukira magalasi. Anayankha akumwetulirabe.

"Ndinu amene munalemba ntchito bambo wamtali wotsuka mazenera uja?" anafunsa mwamuna wa mawu osathamanga. "Ndine wapolisi. Munthu wanu tamugwira kunyumba kwa Aphunzitsi. Bwerani pompano."

Kumwetulira kunamuumira pamilomo. Sabata imodzi yokha! Munthu woyamba kumulemba ntchito chibadwire, ndipo lero, tsiku loyamba kumusiya yekha panyumba ya kasitomala, wamangidwa kale.

Ali pachiwongolero cha kagalimoto kake konunkha sopo, mawu a mwamuna wake ankamulira m'makutu. Zaka khumi ndi ziwiri ntchitoyi anaigwira awiriwiri, mwamuna kunja pamakwerero, iye m'kati ndi nsanza, mpaka anthu anaiwala dzina lake n'kumangomuti Mayi Mazenera. Kenako, zaka ziwiri zapitazo, makwerero anaterereka, mwamuna anagwa n'kuthyoka chiuno. Chiyambire tsikulo ankangokhala pampando wa pabalaza, ndodo ziwiri pambali, nyuzipepala m'manja. Ngakhale masitepe atatu a pakhomo ankawakwera atakoleka dzanja m'khosi mwa mkazi wake. Mayiyu anasenza ntchito yekha mpaka mapewa anayamba kukana, paja mutu umodzi susenza denga. Koma atatchula zolemba munthu, mwamuna anapinda nyuzi n'kumuyang'ana.

"Munthu wakunja pamakwerero anga? Adzakubera ameneyo, udzandikumbuka."

Anabwera anthu anayi kudzayesedwa. Wamtali ndiye anapukuta moipa kuposa onse, mozungulizazunguliza ngati akupaka mwana mafuta pamimba. Koma ndi yekhayo amene asanakwere anawerama n'kugwedeza miyendo ya makwerero kuti aone ngati yakhazikika. Mkazi amene anaona mwamuna wake akugwa kuchokera kumwamba sakanafunanso umboni wina. Anamulemba tsiku lomwelo.

* * *

Nyumba ya Aphunzitsi inali yosanja, yopaka penti yoyera. Makwerero anali chitsamire kukhoma, ndipo pamwamba pake zenera la kuchipinda linali chitsegulire. Aphunzitsi, mayi wamasiye amene anayendetsa sukulu zaka makumi awiri asanapume, anaima pakhonde atawongoka ngati akudikira ana ochedwa.

"Mwana wanga, sindikukalipa, ndikufotokoza," anatero. "Choyamba: ndatuluka eyiti koloko kukaona mdzukulu, monga Lachinayi lililonse. Chachiwiri: ndabwera wani koloko, zitseko zonse zili chikiyire. Chachitatu: ndakwera kuchipinda, zenera lotsegula, wotchi ya malemu bambo palibe. Zawo zonse ndinagawa, ndinangosunga imeneyo. Imagona pafupi ndi mutu wanga."

Apa anayang'ana kumbali kuti nkhope yawo isaonekere.

"Mwina zenera munaiwala kulikhoma ndi kachitsulo kake, mayi," anatero wapolisi, mwamuna wa kamimba ndi kabuku kopindika m'mphepete.

"Kuiwala? Ine? Bambo, ndakhala ndikuyendayenda ndi makiyi a makalasi khumi ndi asanu, inu musanamere mano. Ndiponso zenera limenelo n'louma. Ngakhale wam'kati amachita kulikankha ndi chikhatho chonse pagalasi."

"Nanga kiyi uja wa pansi pa mphika wa maluwa?" anafunsa Mayi Mazenera.

"Alipo, ndayang'ana kale. Ndipo amamudziwa ndani? Mwana wanga weniweni, komanso inu a m'nyumba mwanu, kuyambira kale lija munkatsuka ndi m'kati momwe."

Wamtali anali atakhala pansi pafupi ndi geti, unyolo m'manja, mawondo ali m'chibwano. Anali munthu wamkulu ndithu, imvi zitayamba, ndipo kumuona atapindika chonchi kunamupweteka Mayi Mazenera kuposa mmene ankayembekezera.

"Bwana," anatero Wamtali osadzutsa maso, "sindinalowe."

"Ndiuzeni zonse."

"Ndatsuka kunja kokha. Monga munanenera. Zenera linali lotseka. Ileveni ndamaliza. Ndapita kukadya."

"Kuti? Ndi ndani?"

"Pabenchi, kusiteji ya basi. Ndekha. Wani koloko ndabwera kudzakudikirani. Ndapeza awa."

Wapolisi anaseka ndi mphuno. "Tawauzaninso za kundende, achimwene."

"Anandiuza yekha tsiku loyamba, ndisanamufunse n'komwe," anayankha Mayi Mazenera. "Miyezi isanu ndi umodzi, ali mnyamata, chifukwa chosungira mnzake wailesi yakuba. Papita zaka makumi awiri ndi zisanu. Koma inu mwazidziwa bwanji msanga chonchi?"

"Wakufuna kwabwino watiimbira foni hafu pasiti thwelofu. Wati mkaidi wakale akulowa pazenera la nyumba yosanja pamsewu uno. Dzina sanatchule. Galimoto yathu inali kwina, ndiye tafika limodzi ndi Aphunzitsi."

"Wotchiyo mwamupeza nayo?"

"Alibe. Koma anali ndi nthawi yokwanira yoti aibise. Akalankhula kuchitokosi, onse amalankhula."

Mayi Mazenera ananyonyomala pafupi ndi wantchito wake. "Za kundendezi munauzapo ndani dera lino?"

"Inu nokha, bwana. Ngakhale mwana wanga wamkazi sadziwa. Akulemba mayeso sabata yamawa. Akamva kuti ndili m'chitokosi, salemba."

Mayi Mazenera nkhaniyi anauzapo munthu mmodzi yekha, madzulo ena akumusisita m'chiuno ndi mankhwala. Anakankhira ganizolo kutali. Mwina anauza mnzake pocheza, anadziuza. Nanga munthu wokhala pampando tsiku lonse akambe chiyani?

"Bwana," anatembenukira kwa wapolisi, "musanamutenge, ndiloleni ndione zeneralo."

* * *

Aphunzitsi anawavulitsa nsapato onse awiri asanaponde sitepe yoyamba. Kuchipinda bedi linali loyala mosamala, ndipo pakatebulo ka kumutu panali kansalu kopinda bwino, kopanda kanthu pamwamba.

Dzuwa linali litapendeka, likulowa cham'mbali. Aliyense wa ntchito ya magalasi amaliopa dzuwa limeneli, chifukwa silibisa kanthu: mzere uliwonse umene unasiya m'mawa limauika poyera. Mayi Mazenera anakoka zenera kuti libwerere pang'ono, n'kupendeketsa mutu.

Zeneralo linali ndi magalasi anayi. Kunja, onse anayi anali ndi mizere yozungulirazungulira, dzanja la Wamtali losachita kufunsa. M'kati, atatu anali ndi fumbi la miyezi yambiri, popeza chimwalirire amuna awo Aphunzitsi sankalolanso munthu kulowa kuchipindako. Koma galasi lachinayi, la pafupi ndi chogwirira, m'kati mwake munali mbee.

"Wafufuta zidindo za zala," anatero wapolisi. "Akuba a masiku ano amaonera mafilimu."

"Bwana, taimani apa ndaima inepa. Pendeketsani mutu. Mizereyo ikulowera kuti?"

Wapolisi anatsinzina diso limodzi. "Ikutsika."

"Kuchoka pamwamba kufika pansi, uliwonse ukuphimba unzake pang'ono. Tsopano onani m'makona. Ndi wakuba wanji, mtima uli phaphapha, amene angapinde chopukutira n'kulowetsa chala m'kona iliyonse? Uyu wangayu ndalimbana naye sabata yonse, dzanja lake limangozungulira. Onani kunjako, manyazi okhaokha."

"Ndiye mukuti wakubayu ndi katswiri wa magalasi?"

"Pali lamulo pantchitoyi: kunja chopingasa, m'kati chotsitsa. Ukaona mzere watsalira, umadziwiratu mbali imene uli, osakwera makwerero pachabe. Wamtali sindinamuphunzitse, poti m'nyumba za anthu sanayambe kulowa. Amene wapukuta apa wakankha zenera ndi chikhatho, waona chidindo cha dzanja lake pagalasi, ndipo sakanatha kuchoka atachisiya. Sikuopa inu apolisi ayi. Ndi dzanja lozolowera, limagwira lokha."

Wapolisi anatsegula kabuku kake. "Lamulo limeneli amalidziwa ndani?"

"Ine," anayamba Mayi Mazenera, "ndi..."

Pa penti yoyera ya felemu la zenera, m'kona ya kumunsi, panali kachidindo kakuda ngati ka chala chogwira makala. Anakakhudza, n'kuyang'ana chala chake. Inki ya nyuzipepala. Iye anasiya kalekale kupukuta ndi nyuzi, masiku ano ndi chopukutira cha labala ndi nsanza basi. Koma amene anamuphunzitsa lamulo lija ankakonda kunena kuti galasi losamalizidwa ndi nyuzi n'chimodzimodzi munthu wosamba osadzola.

Anangozindikira wakhala pabedi la Aphunzitsi osapempha.

"Mayi, zatani?" anafunsa wapolisi.

"Sizingatheke," anatero chapansipansi. "Sangakwere masitepe onse aja. Sangathe."

* * *

Tsidya la msewu, pakhonde la sitolo, panali telala wa tepi m'khosi ndi mapini pakamwa. Atawaona akubwera, analavulira mapiniwo m'dzanja mokondwa, chifukwa nkhani inali itamutupa m'mimba kuyambira masana.

"Aaa, mayi athu a mazenera! Pepani zakugweranizi, tsoka silinunkha. Koma ovololo ya wantchito wanuyo inafupika miyendo, mukanabwera nayo kuno ndikanaionjezera. Ine maso anga ali pasingano, inde, koma msewu wonsewu ndimausokera limodzi."

"Mwaona chiyani lero, akulu?"

"Wamtaliyo watuluka cha m'ma ileveni, manja lende, kulowera kusiteji. Kenako wadutsa wogulitsa matsache. Kenako ana awiri othawa sukulu, ndawakalipira, mmodzi wanditulutsira lilime, ana a masiku ano! Thwelofu itangokwana ndiye wadutsa bambo wina, pompano, mpaka wandigwedezera makina. Chipewa wachitsitsa mpaka m'maso. Jekete la bulauni, zigamba m'zigongono, koma zosoka ndi ulusi wobiriwira. Ndaseka ndekha. Ndani amasoka bulauni ndi wobiriwira? Ameneyo ndiye wofunika kumumanga, bwana!"

Mayi Mazenera anagwira mzati wa khonde. Zigamba zimenezo anasoka ndi iyeyo, chaka chatha, tsiku limene m'nyumba munalibe ulusi wina.

"Amayenda bwanji?" anafunsa, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Kuyenda? Bwinobwino! Changu ngati wothamangira basi. Kungoti m'khwapa anapanira zinthu ziwiri zazitali. Ndimati maambulera, koma kumwambaku kunalibe ngakhale kamtambo. Walowa pakageti ka kumbali ako, patapita kanthawi watuluka."

"Bwanji simunandiuze masana aja?" anakalipa wapolisi.

"Inu munandifunsa ngati ndaona munthu pamakwerero. Uyu sanakhudze makwerero. Walowa ngati wapakhomo."

Mayi Mazenera anali atatulutsa kale foni. Lachinayi lililonse mwamuna wake ankapita kuchipatala kokawongola miyendo. Iye mwini ndiye ankamukweza m'takisi m'mawa, kumuikira ndodo pambali, kumutsekera chitseko. Anaimba kuchipatalako.

"Bambo aja a chiuno?" anayankha namwino mwansangala. "Iii mayi, amene aja tinatsanzikana nawo kalekale, miyezi isanu ndi iwiri yapita. Anachira bwino zedi. Tsiku lomaliza anakwera masitepe athu onse mpaka pamwamba popanda ndodo, tinachita kuwaombera m'manja. Sanakuuzeni? Halo? Mayi, mulipo?"

Analipo. Miyezi isanu ndi iwiri akumusambitsa. Miyezi isanu ndi iwiri akugwada pansi kumumanga zingwe za nsapato, akumunyamula pamasitepe atatu aja ndi mapewa omwewo amene anali atasenza makwerero tsiku lonse. Sanalire. Kudabwa kunali kutatseka njira ya misozi.

"Bwana," anatero potsiriza, "wantchito wanga musamulembe m'buku lanu pakadali pano. Tiyeni kwathu. Koma galimoto muisiye kuseri."

* * *

Anamupeza pomwe ankamupeza masiku onse: pampando wa pabalaza, bulangete pamiyendo, ndodo zitatsamira kukhoma. Jekete la bulauni linali pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Wafika, mayi? Zayenda bwanji ndi munthu wako uja?"

"Amumanga. Wotchi yasowa kwa Aphunzitsi."

Mwamuna anapukusa mutu mwachisoni. "Ndinanena ine. Koma mawu a wolumala amamva ndani? Tandipatsako madzi, kukhosi kwauma."

Anamutungira madzi, n'kumupatsa ndi manja awiri monga mwa masiku onse. Nyuzi inali pamiyendo pake, tsamba lapakati palibe.

"Apolisi akubwera kudzasecha muno," anatero Mayi Mazenera. "Akuti poti ndine bwana wake, mwina wotchiyo anandipatsira ine. Akuti atembenuza nyumba yonse. Ndikukawachingamira kumsewu waukulu, sakudziwa njira."

Madzi anagwedezeka m'kapu, ena anatayikira pabulangete.

Mayi Mazenera anatuluka, anamenyetsa geti kuti limveke, kenako anabwerera monyang'ama m'mbali mwa khoma mpaka pazenera la pabalaza, pomwe wapolisi anali atabisala kale. Zeneralo analitsuka yekha Lamulungu. Linali loyera moti munthu akanati palibe galasi.

Poyamba mwamuna anangokhala phee, akumvetsera. Kenako anataya bulangete uko n'kuimirira. Kuimirira, osagwira kanthu! Mayi Mazenera anagwira pakamwa. Anali ataiwala kuti mwamuna wake ndi wamtali chonchi. Anamuona akukoka mpando, akukwera, akuchoka pampando kuponda patebulo mopepuka ngati kale lija, akupisa dzanja pamwamba pa kabati ya mbale, pamalo pamene munthu wa ndodo sakanafika ngakhale atalota. Dzanja linabwerako ndi wotchi.

Potembenuka kuti atsike, maso awo anakumana.

Anatsika pang'onopang'ono. Anabwera pazenera, n'kusanjika chikhatho pagalasi. Kazenera kakang'ono ka pamwamba kanali kotsegula, ndipo mawu ake anamveka bwinobwino.

"Mayi, tamvera. Sindimafuna kuigulitsa. Ndikanakaiponya m'maluwa mwa Aphunzitsi munthu wakoyo atachoka."

"Atachoka kupita kundende?"

"Akukwera makwerero anga! M'mawa uliwonse ndimamuona pazenera pano akuwanyamula, iwe ukumuuza zimene ndinakuphunzitsa ine. Ukuganiza kuti ndimamva bwanji?"

"Munachira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, bambo."

Mwamuna anagwetsa nkhope. "Miyendo inachira. Koma ndikangoona makwerero, thukuta limandituluka, ndimamva ngati ndikugwanso. Ndikanakuuza kuti ndachira, ukanati tiyeni kuntchito. Ndikanayankha chiyani? Kuti ndikuopa? Mwamuna wamkulu ngati ine?"

"Eya, mukanati mukuopa," anatero Mayi Mazenera, ndipo tsopano misozi inapeza njira. "Ndikanakupatsani m'kati, ine n'kumakwera. Inetu ndakhala ndikukwera zaka ziwiri, ndikuopa tsiku lililonse. Munandifunsapo?"

Mwamuna anachotsa dzanja pagalasi, ndipo pomwe panali chikhatho panatsala chidindo cha thukuta, zala zisanu zoonekera bwino. Maso ake anagwera pachidindocho. Dzanja linalowa lokha m'thumba la buluku, linatuluka ndi tsamba la nyuzi lofinyafinya, n'kuyamba kupukuta kuchoka pamwamba kufika pansi, mzere uliwonse ukuphimba unzake pang'ono. Anali atalowetsa kale chala m'kona pamene anazindikira kuti pambali pa mkazi wake paima munthu wa yunifolomu.

"Chotsitsa," anatero wapolisi, akutseka kabuku kake.

Mayi Mazenera anapukuta nkhope ndi mkono. "Bwana, tichite changu. Kuli mwana wa sukulu akudikira bambo ake, asafike poyamba kufunsa anthu."

Wapolisi analowa, analandira wotchi n'kuikulunga m'kampango, kenako anatulutsa mwamunayo. Ndodo zinatsala chitsamire kukhoma. Atafika pamasitepe atatu a pakhomo, mwamuna anaima, n'kutambasula dzanja mwachizolowezi kufuna khosi la mkazi wake. Mayi Mazenera anasunthira pambali.

Anatsika yekha.